Wakutuma ndani? Mmene America imalondera anthu olankhulira maboma akunja

Kumayambiriro kwa chaka cha 2019, boma la Zimbabwe linasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku America yotchedwa Ballard Partners. Mtengo wake unali $500,000 pachaka. Papepala, ntchito yake inali yokonza ubale wa Harare ndi Washington, koma aliyense ankadziwa kuti chenicheni chinali choti America ichotse ziletso zimene inaika pa akuluakulu a ZANU-PF. Mwini kampaniyo, Brian Ballard, anali mmodzi wa anthu amene anasonkhanitsira Donald Trump ndalama za kampeni, motero Harare inkalipira munthu wodziwa njira yofikira kwa pulezidenti. Anthu a ku Zimbabwe, amene nthawi imeneyo ankagona pamizere ya mafuta, anatha kuona mtengowo chifukwa kampaniyo inakakamizika kupereka mgwirizanowo ku unduna wa zachilungamo wa ku America, ndipo undunawo unauika pa intaneti. Chinaikakamiza ndi lamulo la mu 1938 lotchedwa Foreign Agents Registration Act, limene ambiri amangoti FARA.

Lamuloli sililetsa munthu wa ku America kulankhulira boma lakunja, ngakhale litakhala boma lankhanza chotani. Limangofuna kuti munthuyo anene poyera kuti wamutuma ndani, akumulipira zingati, ndipo wakumana ndi yani. Ubwino wake uli pomwepo, ndipo kufooka kwake kuli pomweponso.

Ku Washington ntchito imeneyi amaitcha lobbying. Oigwira ambiri ndi anthu amene kale anali aphungu, maseneta, alembi a makomiti a nyumba ya malamulo, kapena maloya amene anagwirapo m'boma. Chimene amagulitsa kwenikweni ndi kudziwana ndi anthu. Amafanana ndi madobadoba amene timawapeza panja pa maofesi ena a boma kwathu kuno, odziwa khomo loti ugogode ndi munthu woti umupatse fayilo, kungoti awa amavala masuti, ali ndi maofesi pamsewu wa K Street, ndipo malamulo amawalola. Mwina mungafunse kuti nanga kazembe alipo wachiyani. Nyumba ya malamulo ya Congress ili ndi mamembala 535, aliyense ndi antchito ake, ndipo ndime imodzi yolowetsedwa usiku m'bilu ya bajeti ikhoza kutsekula kapena kutseka thandizo, zida zankhondo kapena msika wa dziko lonse. Ofesi ya kazembe wa dziko laling'ono, yokhala ndi anthu owerengeka, singathe kulondola zonsezi. Kazembe akalemba kalata yopempha kuonana ndi seneta amatha kudikira milungu, pamene munthu amene anagwirapo ntchito mu ofesi ya senetayo amangoimba foni.

Mmene zinayambira

Mu 1934, patangotha chaka Adolf Hitler atatenga boma ku Germany, komiti ya Congress yotsogoleredwa ndi John McCormack ndi Samuel Dickstein inayamba kufufuza mmene chipani cha Nazi chinkafalitsira uthenga wake ku America. Mmodzi wa anthu amene anaitanidwa anali Ivy Lee, katswiri wotchuka wokometsa mbiri za makampani. Lee ankalandira $25,000 pachaka kuchokera ku kampani ya mankhwala ya ku Germany ya IG Farben, koma uphungu umene ankapereka unkakhudza mmene boma la Nazi lingaonekere bwino pamaso pa anthu a ku America. Ndalama inkachokera ku kampani, phindu n'kumapita ku boma. Kachitidwe kameneka tikumana nako kangapo m'nkhaniyi.

Congress inali ndi njira ziwiri, kuletsa kapena kuyalutsa. Kuletsa kukanawombana ndi malamulo oyendetsera dzikolo, amene amateteza ufulu wolankhula ndi ufulu wokadandaula ku boma. Choncho anasankha kuyalutsa, ndipo Franklin Roosevelt anasaina lamuloli mu June 1938. Ganizo lake linali lakuti munthu akawerenga kapepala kotamanda Germany, adziwe kuti wakalemba ndi munthu wolipidwa ndi Berlin, kenaka asankhe yekha kukhulupirira kapena ayi. Poyamba kaundula wake ankasungidwa ku unduna woona zakunja, koma mu 1942 anasamutsidwira ku unduna wa zachilungamo, kumene ali mpaka lero.

Nkhondo itatha, chimene chinadzutsanso lamuloli ndi shuga. America imagula shuga wina kunja pamtengo wokwera kuposa wa pamsika wa dziko lonse, ndipo dziko lililonse limapatsidwa mlingo wa matani amene lingalowetse. Mu 1960, ubale ndi Fidel Castro utasokonekera, America inachotsa gawo lalikulu limene linali la Cuba, ndipo mayiko ena anathamangira kukalimbirana gawolo. Maboma ngati a Dominican Republic ndi Nicaragua anali ndi anthu awo ku Washington. Seneta William Fulbright atafufuza mu 1963, anapeza kuti ena mwa olankhulira maboma akunja ankalipidwa molingana ndi kukula kwa zimene apezera owatumawo, ndipo ena ankathira ndalama m'makampeni a aphungu omwewo amene ankagamula nkhanizo. Zotsatira zake zinali kusintha kwa lamuloli mu 1966. Kuyambira pamenepo, diso linachoka pa timapepala ta uthenga wa ndale n'kulunjika pa anthu oyenda m'makonde a Congress. Analetsanso zinthu ziwiri, malipiro odalira kupambana kwa ntchitoyo, ndi kupereka ndalama za kampeni m'malo mwa wakunja. Dongosolo la shuga lija likadalipo m'maonekedwe ena, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene ali ndi gawo lawo, matani opitirira pang'ono 10,000 pachaka, limodzi ndi Mozambique, Zimbabwe, Eswatini ndi South Africa.

Chimene lamuloli limafuna

Pali mafunso atatu amene amaonetsa ngati munthu ayenera kulembetsa. Loyamba ndi lakuti kodi alipo wakunja amene nkhaniyo ikumukomera. Wakunjayo akhoza kukhala boma, chipani chandale, kampani, bungwe, ngakhale munthu wamba wokhala kunja kwa America. Lachiwiri ndi lakuti kodi pali ubale wa wotuma ndi wotumidwa. Lachitatu ndi mtundu wa ntchito: kunyengerera akuluakulu a boma, kuyesa kusintha maganizo a anthu pa mfundo za dziko, kukometsa mbiri, kupereka uphungu wa ndale, kapena kutolera ndi kugawa ndalama m'dzikomo.

Funso lachiwirilo ndilo lili ndi minga. Lamulo limati wotumidwa ndi aliyense amene akuchita zinthu molamulidwa, motsogoleredwa, moyendetsedwa, kapena mopemphedwa ndi wakunja. Sipafunika kontrakiti, ndipo sipafunikanso malipiro. Kulamulidwa n'kosavuta kukumvetsa, koma kupemphedwa n'kotakata moti kukhoza kukola pafupifupi aliyense. Tiyerekeze kuti namwino wochokera ku Zambia, amene tsopano ndi nzika ya America, wapita kuchikondwerero cha ufulu ku ofesi ya kazembe, ndipo kazembeyo wapempha onse amene abwera kuti alembere aphungu awo za kufunika kwa AGOA, dongosolo lolowetsa katundu wa ku Africa ku America popanda msonkho. Namwinoyo akalemba, kodi wasanduka wotumidwa wa boma la Zambia? Makhoti ananenapo kuti pempho loponyedwa kugulu silikwanira, pafunika ubale wooneka pakati pa wopempha ndi wopemphedwa. Koma malire ake enieni palibe amene angawaloze ndi chala, ndipo maloya a ku Washington amadyera pomwepo.

Munthu akagwera m'lamuloli, ayenera kulembetsa pasanathe masiku 10 chivomerereni ntchitoyo, ndiponso asanayambe kuigwira. Amapereka kope la mgwirizano, ndipo ngati anangogwirizana pakamwa, amalemba zimene anagwirizanazo. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amapereka lipoti lina. Mukatsegula lipoti lotere mupeza mizere yaitali ya tsiku, dzina la wantchito wa seneta wakuti, kaya anakumana maso ndi maso, pafoni kapena pa imelo, ndi mutu wa nkhani. Kutsogolo kwake kuli ndalama zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi zimene antchito a kampaniyo apereka kumakampeni a andale kuchokera m'matumba awo. Chilichonse chimene agawira anthu, kaya ndi kalata kwa atolankhani kapena uthenga wa pa intaneti, chimayenera kukhala ndi mawu osonyeza kuti chafalitsidwa m'malo mwa wakutiwakuti, ndipo kope lake lifike ku unduna pasanathe maola 48. Wozemba mwadala akhoza kukhala kundende zaka zisanu.

Pali anthu amene sakhudzidwa. Akazembe ndi antchito awo odziwika ndi boma salembetsa, chifukwa amene wawatuma ndi wodziwika kale. Ochita malonda wamba, a zachipembedzo, a maphunziro, a sayansi, a luso, otolera thandizo la anthu ovutika, ndi maloya oimira munthu kukhoti, nawonso ali kunja. Mpata waukulu kuposa yonse unatseguka mu 1995, pamene Congress inakhazikitsa lamulo lina lounikira ma lobbyist onse, la Lobbying Disclosure Act. Olankhulira kampani yakunja analoledwa kulembetsa pansi pa lamulo latsopanoli m'malo mwa FARA, ndipo mafomu ake ndi opepuka kwambiri, safuna kope la mgwirizano kapena mndandanda wa munthu aliyense amene mwakumana naye. Mpatawu suyenera kugwira ntchito ngati wopindula weniweni ndi boma lakunja, koma m'mayiko amene kampani yaikulu ya mafuta kapena ya mafoni ndi ya boma, kapena mwini wake ndi mlamu wa pulezidenti, ndani angalekanitse phindu la kampani ndi la boma? Nkhani ya Ivy Lee ija inangobweranso itavala malaya ena. Anthu olembetsa pansi pa FARA anafika 916 mu 1987, koma pofika kumapeto kwa 2014 anali 360 okha.

Mpata wina uli m'mabungwe ofufuza ndi kulangiza za mfundo za boma. Mu 2014 nyuzipepala ya New York Times inapeza kuti maboma, mabungwe a boma ndi akuluakulu a boma akunja oposa 60 anapereka ndalama kumabungwe otere ku America. Katswiri wa bungwe lotero akamachitira umboni ku Congress amamveka ngati munthu woima pakati, ndipo mawu ake amalemera kuposa a munthu amene aliyense akudziwa kuti ndi waganyu. Kunena zoona, boma lochenjera limapindula kwambiri pomanga holo ya misonkhano ya bungwe lotere kusiyana ndi kulemba kampani ya pa K Street.

Kuulula sikuti kumaletsa zoipa

Mu 1985 Jonas Savimbi, mtsogoleri wa zigawenga za UNITA ku Angola, analemba ganyu kampani ya Black, Manafort, Stone and Kelly pamtengo wa $600,000 pachaka. Kampaniyo inamukonzera ulendo wa ku Washington kumayambiriro kwa 1986. Anaonekera pa wailesi zakanema monga msilikali womenyera ufulu, anakumana ndi Ronald Reagan ku White House, ndipo chaka chomwecho America inayamba kumutumizira zida mwachinsinsi, kuphatikizapo mizinga ya Stinger yogwetsera ndege. Nkhondo ya ku Angola inatha mu 2002, Savimbi ataphedwa. Kampani yomweyo inagwiriranso ntchito Mobutu Sese Seko wa ku Zaire ndi anthu a Ferdinand Marcos wa ku Philippines. Ntchito ya Savimbi inali yolembetsedwa, ndipo lamulo silinathyoledwe paliponse. Anthu a ku Huambo ndi ku Kuito amene anataya miyendo ndi mabomba okwirira sakanapindula kanthu podziwa kuti mafomu anadzazidwa bwino.

Chitsanzo cha Kuwait chimaonetsa vuto lina, la nthawi. Iraq italanda Kuwait mu August 1990, kunabadwa bungwe lotchedwa Citizens for a Free Kuwait, lomveka ngati la anthu wamba, limene linalemba ganyu kampani ya Hill & Knowlton. Pafupifupi ndalama zake zonse, zoposa $11 miliyoni, zinachokera ku boma la Kuwait. Pa 10 October 1990, mtsikana wa zaka 15 anauza aphungu akulira kuti anaona asilikali a Iraq akuchotsa makanda m'makina otenthetsera ana kuchipatala n'kuwasiya pansi kuti afe. Pulezidenti George H. W. Bush ndi maseneta angapo anaibwereza nkhaniyi, ndipo mu January 1991 Senate inavomereza nkhondo ndi mavoti 52 kwa 47. Mu 1992 m'pamene anthu ambiri anadziwa kuti mtsikanayo anali mwana wa kazembe wa Kuwait ku Washington, ndipo ofufuza sanapeze umboni wa zimene ananenazo. Mapepala a FARA analipo, koma lipoti lobwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi limapeza voti itaponyedwa kale.

Lamulo logona, lodzuka, n'kugonanso

Mu 2016 ofesi yofufuza kayendetsedwe ka unduna wa zachilungamo inatulutsa lipoti lochititsa manyazi. Kuyambira 1966 mpaka 2015, zaka pafupifupi 50, undunawo unatengera kukhoti milandu isanu ndi iwiri yokha ya FARA. Mwa anthu olembetsa koyamba amene mafayilo awo anaunikidwa, 62 pa 100 alionse analembetsa mochedwa. Ofesi yoyang'anira lamuloli inali ya anthu ochepa, ndipo inalibe mphamvu yokakamiza munthu kubweretsa zikalata popanda kutsegula mlandu. Kawirikawiri inkawerenga nyuzipepala, ikaona dzina lokayikitsa n'kulemba kalata yofunsa mwaulemu.

Umodzi wa milandu yochepayo unachokera kuno kumwera kwa Africa, ndipo mthunzi wake ukadalipo. M'zaka za m'ma 1970, boma la tsankho la South Africa, kudzera mu dipatimenti yofalitsa nkhani ya nduna Connie Mulder ndi mlembi wake Eschel Rhoodie, linkagwiritsa ntchito ndalama zamseri kugula mbiri yabwino kunja. Linapatsa John McGoff, mwini manyuzipepala wa ku Michigan, ndalama zoposa $11 miliyoni kuti agule nyuzipepala ya Washington Star. Zimenezo zinakanika, koma anagula Sacramento Union ya ku California. Chinsinsichi chitaphulika ku South Africa, chinagwetsa Mulder komanso mtsogoleri wa dzikolo, John Vorster. Koma America inamutsegulira McGoff mlandu mu 1986, ndipo khoti la apilo linagamula mu 1987 kuti nthawi yozengera mlanduwo inali itatha, chifukwa zaka zisanu zimayamba kuwerengedwa tsiku limene munthu wasiya kutumikira wakunjayo. Mu 2022 unduna unasumira Steve Wynn, mwini makasino amene analinso ndi bizinesi ku Macau, kuti alembetse chifukwa mu 2017 anakafikitsa kwa Trump pempho la China loti munthu wina wabizinesi wothawa kwawo abwezedwe. Wynn anakana kuti sanali wotumidwa wa aliyense, koma khoti silinafike n'komwe pa funso limenelo. Potengera chigamulo cha McGoff, linati munthu amene anasiya kale ntchitoyo sangakakamizidwe kulembetsa, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo mu 2024. Tanthauzo lake n'loti amene wagwira ntchitoyo mwakachetechete n'kuimaliza asanagwidwe, kaundula samuonanso.

Mlandu wina wa kuno kwathu unali wa amuna awiri a ku Chicago, Prince Asiel Ben Israel ndi Gregory Turner, amene mu 2013 anaimbidwa mlandu wogwirizana ndi Robert Mugabe ndi Gideon Gono, amene anali mkulu wa banki yaikulu ya Zimbabwe, kuti alandire $3.4 miliyoni pokopa andale a ku America kuti ziletso zichoke. Ben Israel anavomera kuti sanalembetse ndipo analowa m'ndende. Turner anapezeka wolakwa pa mlandu wokhudza kuphwanya ziletsozo. Cholinga chawo sichinasiyane kwenikweni ndi cha makampani amene Harare inalemba ganyu pambuyo pake, koma awa anadzera kuseri.

Zinthu zinasintha chisankho cha 2016 chitadutsa, pamene wofufuza wapadera Robert Mueller anayamba kufufuza kulowerera kwa Russia pa chisankhocho. Paul Manafort, mmodzi wa eni kampani ija inagwirira ntchito Savimbi, amene tsopano anali atatsogolerapo kampeni ya Trump, anavomera mu September 2018 milandu yophatikizapo kubisa ntchito imene ankagwirira Viktor Yanukovych, pulezidenti wakale wa Ukraine, ndi chipani chake. Michael Flynn, mlangizi wa Trump pa zachitetezo, amene pa tsiku lenileni la chisankho anatulutsa nkhani m'nyuzipepala yonyoza Fethullah Gülen, mdani wa boma la Turkey, analembetsa mochedwa mu March 2017 n'kuulula kuti kampani yake inalandira $530,000 kuchokera ku kampani ya munthu wabizinesi wa ku Turkey. Kampani ya maloya ya Skadden inalipira $4.6 miliyoni mu 2019 pa ntchito ya ku Ukraine. Wailesi yakanema ya RT ya Russia inalembetsa mu 2017, ndipo CGTN ya China mu 2019. Mantha anagwira K Street, ndipo anthu anathamangira kukadzaza mafomu a ntchito zimene anagwira kalekale.

Kukhoti zinthu sizinayende chimodzimodzi. Greg Craig, loya amene anagwirapo ntchito ku White House nthawi ya Barack Obama, anapezeka wosalakwa mu 2019. Tom Barrack, mnzake wa Trump, amene ankamuganizira kuti ankatumikira United Arab Emirates, anapezekanso wosalakwa mu 2022, ngakhale kuti iye ankazengedwa pansi pa lamulo lina loyandikana nalo, ndime 951, imene imakhudza ntchito zofanana ndi ukazitape ndipo chilango chake chimafika zaka 10. Vuto la oimira boma pamilandu limakhala lomwelo nthawi zonse. Ayenera kutsimikizira anthu wamba oweruza mlandu kuti munthuyo anatumidwadi, osati ankangonena maganizo ake amene anapezeka kuti akugwirizana ndi a boma lakunja, komanso kuti anazemba lamulo akulidziwa. Wotuma ali kunja, sangabwere kudzachitira umboni. Mlandu umene unayenda mosavuta ndi wa Seneta Bob Menendez, wapampando wa komiti ya Senate yoona zakunja, chifukwa apolisi anapeza mipiringidzo ya golide ndi ndalama zambirimbiri m'nyumba mwake. Mu July 2024 anapezeka wolakwa pa ziphuphu komanso potumikira Egypt ali pampando, ndipo analamulidwa kukhala kundende zaka 11.

Ndale nazo sizinakhale patali. Trump anakhululukira Manafort mu December 2020. Pa 5 February 2025, Pam Bondi, atangolumbira kukhala mkulu wa unduna wa zachilungamo, analamula kuti milandu ya FARA izitsegulidwa pokhapokha ngati zochitikazo zikufanana ndi ukazitape weniweni. Bondi mwiniwake analembetsapo pansi pa FARA monga wolankhulira Qatar, nthawi imene ankagwira ntchito ku Ballard Partners. Mawu a lamulo sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi m'zaka zonsezi kuyambira 2016, chimene chimasintha ndi amene wagwira chikwapu.

Likagwera m'manja olakwika

Kutakata kwa mawu a lamuloli kuli ndi ngozi ina, ndipo America yomweyo inaionetsa. Mu 1951 boma linatengera kukhoti W. E. B. Du Bois, mmodzi wa oyambitsa bungwe la NAACP lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America, ndiponso mlangizi wa omenyera ufulu wa Africa, ali ndi zaka 83. Mlandu wake unali woti bungwe lake lolimbikitsa mtendere linkasainitsa anthu chikalata chotsutsa mabomba a nyukiliya chimene chinayambira ku Stockholm, ndipo boma linkati chikalatacho chinkakomera Soviet Union. Woweruza anathetsa mlanduwo chifukwa panalibe umboni woti Du Bois anatumidwa ndi aliyense. Kugwirizana maganizo ndi wakunja si kutumidwa naye. Komabe pasipoti yake inalandidwa kwa zaka zingapo, anzake ambiri anamuthawa, ndipo mu 1961 anasamukira ku Ghana poitanidwa ndi Kwame Nkrumah, kumene anamwalira mu 1963.

Mfundo imene inapulumutsa Du Bois ndiyo imasiyanitsa FARA ndi malamulo amene amati anatengera pa iyo. Russia itakhazikitsa lamulo lake mu 2012, Vladimir Putin ankayankha odzudzula kuti America nayo ili nalo. Koma la Russia silifunsa kuti wakutuma ndani, limafunsa kuti ndalama wazitenga kuti. Bungwe lililonse lolandira thandizo lakunja n'kumachita zimene boma lati ndi ndale linkapachikidwa dzina la wotumidwa wa akunja, dzina limene m'makutu a anthu a ku Russia limamveka ngati kazitape. Kuyambira 2022 ngakhale ndalamazo sizifunikanso, n'zokwanira kuti boma linene kuti munthuyo akukokedwa ndi akunja. Bungwe la Memorial, limene linkasunga mbiri ya anthu ophedwa nthawi ya Stalin, linatsekedwa ndi khoti mu December 2021 ponamizira kuti silinkaika chizindikirocho pa zofalitsa zake. Hungary inapanga lamulo lofanana mu 2017, khoti la European Union n'kuligamula mu 2020 kuti n'losemphana ndi malamulo a mgwirizanowo. Georgia inavomereza lake mu 2024 anthu zikwizikwi akuchita zionetsero ku Tbilisi, ndipo limakola bungwe kapena nyumba yofalitsa nkhani imene ndalama zake zoposa 20 pa 100 zimachokera kunja.

Kwa ife a m'mayiko amene mabungwe oona za ufulu, mawailesi ang'onoang'ono ngakhale zipatala za mishoni zimayendera ndalama za abwenzi akunja, kusiyana kumeneku si nkhani ya maloya okha. Lamulo loyeza ndalama m'malo moyeza utumiki likhoza kukola pafupifupi aliyense amene amadzudzula boma, n'kusiya nduna imene ikudya ndi kampani yakunja ya migodi. Ndiye munthu wandale akadzaima pamsonkhano n'kunena kuti ngakhale ku America lamulo lotere liliko, ndi bwino kumufunsa kuti biluyo ikufuna umboni wanji wa kutumidwa, ndani adzagamule, ndipo wopachikidwa dzinalo angakadandaule kuti. Tisaiwalenso kuti FARA yeniyeniyo si yoyera. Mawu aja oti mopemphedwa atawagwiritsa ntchito mwankhanza, angachite zomwezo zimene Moscow imachita. Chimene chaitchinga kufikira pano ndi makhoti ndi atolankhani, osati kalembedwe kake.

Mayiko ena a demokalase aona zofooka za FARA n'kuyesa njira zawo. Australia inakhazikitsa kaundula wake mu 2018, nkhani za ndalama za China m'ndale zake zitavuta mpaka Seneta Sam Dastyari kutula pansi udindo. Lamulo lawo lili ndi mfundo imene America ilibe, yoti munthu amene anakhalapo nduna ya kabineti amayenera kulembetsa ntchito imene akugwirira boma lakunja kwa moyo wake wonse. Canada inavomereza lamulo lake mu 2024.

Britain, kumene kuli abale athu ambiri, inayamba kaundula wake pa 1 July 2025 pansi pa lamulo la chitetezo cha dziko la mu 2023. Iwo anasiya makampani ndi anthu wamba akunja, n'kulunjika pa amene atumidwa ndi maboma ndi zipani zolamula, zimene zimachepetsa vuto lokola aliyense. Kaundulayu ali ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi la aliyense amene boma lakunja lamutuma kukakopa andale kapena ovota a ku Britain, ndipo amalembetsa pasanathe masiku 28, wozemba n'kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Gawo lachiwiri ndi lokhwima, la mayiko amene boma lawatchula mayina kuti ndi oopsa. Pamenepo ntchito ina iliyonse, ngakhale isakhale ya ndale, imayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 10, ndipo chilango chimafika zaka zisanu. Pamene dongosololi linkayamba, pagawo lachiwirili panali Iran ndi Russia. Aphungu angapo anakakamira kuti China nayo iikidwepo, potengera machenjezo a nthambi za chitetezo za dzikolo, koma boma la Keir Starmer, limene linkafunafuna malonda ndi Beijing, silinaiikepo.